Moni Kaye, Matalala Pambuyo

Pa khonde la apongozi anga ndi pamene mvula ya matalala imayamba kuonekera isanafike pa pulazi lina lililonse la m'chigwa chathu, kumpoto kwa Mvurwi. Nyumba yawo ndi yomalizira m'komboni ya pa pulazi la pamtunda. Yatsamira phiri, ndipo kutsogolo kwake kulibe mtengo kapena mabalani a fodya otchinga maso. Munthu akaima pamenepo amaona mpaka kumapiri a mbali ya ku Guruve, kumene mitambo yoipa imakonda kuchokera. Ife a kumunsi timadziwa za mvula itafika kale pamutu. Iwo amaiona ikadali pa ulendo.

Ine ndinagwira ntchito ya utolankhani ku Harare kwa zaka zambiri. Nditapuma, ine ndi mkazi wanga tinabwerera kuno kumapulazi kumene tonse awiri tinabadwira. Makolo athu anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito ya fodya, choncho tinakula tikuyankhula Chichewa pakhomo, Chishona kusukulu ndi mumsewu. Tinapeza kamunda kumunsi kwa chigwa, ndipo ndinkaganiza kuti zothamangitsa nkhani ndathana nazo.

Chaka china, dzuwa la chilimwe lili pakati, kunabwera mayi wachitsikana wochokera ku ofesi ya olosera zanyengo. Anatisonkhanitsa mu shedi yosankhira fodya. Anati makina awo amaona mtambo kuchokera kumwamba, koma saona chimene mtambowo ukugwetsa pansi. Kaya ndi madzi, kaya ndi matalala, kaya mphepo yasasula denga la sukulu, zimenezo amadziwa ndi munthu amene waima pansi pake. Ankafuna anthu ongodzipereka, opanda malipiro, oti azitumiza uthenga pa foni akaona nyengo yoopsa. Iye akalandira, aziuphatikiza ndi zimene makina akuonetsa, n'kuchenjeza mapulazi amene ali kutsogolo kwa mvulayo.

Anatisiyira mageji, timabotolo ta pulasitiki tolembedwa mizere toyezera mvula. Anatiphunzitsanso kanenedwe ka matalala, amene anzathu a Chishona amati chimvuramabwe. Osangoti aakulu kapena aang'ono, koma kuwayerekeza ndi chinthu chodziwika: nandolo, nzama, dzira la nkhunda, dzira la nkhuku. Tinatsegula gulu la pa foni, mayiyo nayenso ali momwemo. Pofuna mkulu wa gulu, anthu onse anatembenukira kwa ine. Sindinakane. Kunena zoona, ndinali nditaimirira kale.

Tsiku lomwelo ndinawaphunzitsa lamulo limene ndinaphunzira ndili mnyamata ku nyuzipepala: chachikulu chiyambe. Chagwa n'chiyani, chili pati, chikulowera kuti, n'chachikulu bwanji. Zina zonse zibwere pambuyo, ngati mpata ulipo. Anthu anaomba m'manja. Apongozi anga anali atakhala kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa mulu wa masaka, atayang'ana kukhoma. Nawonso anaomba.

Geji ya pamtunda inapita kwa iwo, chifukwa cha khonde lija. Apa ndiyenera kunena chimene gejiyo inali kwa iwo. Mayiwa anasankha fodya mu shedi imene ija kuyambira ali mtsikana mpaka msana unakana. Amuna awo anamwalira kalekale. Atasiya ntchito ankangokhala pakhomo, ndipo mkazi wanga ankati amayi ayamba kuyankhula ndi nkhuku. Geji itabwera, anaikhomera pa mtengo wowongoka pakati pa bwalo, n'kuitchingira ndi minga kuti mbuzi zisaikhudze. Anaisokera kachipewa ka nsalu kovala nthawi ya chilimwe, kuti fumbi lisalowe. Anthu a m'komboni anayamba kuima pa mpanda kuwafunsa ngati n'kwabwino kuyanika ufa. Ngakhale manijala wa pulazi ankaimitsa galimoto n'kufunsa kuti kumwamba kukuti bwanji. Anasiya kuyankhula ndi nkhuku.

Mvula itayamba, mauthenga anayamba kulowa. Woyendetsa thirakitala wina ankalemba mawu ochepa ngati akulipira chilembo chilichonse. Mphunzitsi wina ankatumiza zithunzi. Apongozi anga salemba, amagwiritsa uthenga wa mawu. Woyamba wa matalala unafika masana ena, ndipo ndikuukumbukira bwino chifukwa ndinaumvera kambirimbiri.

"Odi, odi kumeneko. Apongozi, ndati ndikupezeni. Mwaswera bwanji, bambo? Nanga bondo lija, lasiya kuvuta? Nanga mnzanuyo, chifuwa chija chinatha? Ana ku Harare mwamvako za iwo? Ayi, tithokoze Mulungu. Ife kuno tilipo, kaya inu anzathu. Mbuzi ija inabereka, tiana tiwiri, kamodzi kofiira. Pepanitu ndakusokonezani, ndikudziwa muli ndi zambiri. Ndimati ndingokudziwitsani, kaya n'zoona kaya ndi maso aukalambawa, kuti kuno kunja kwachita ngati kwada pang'ono. Kwagwanso timiyala tingapo. Koma musadandaule ayi."

Kumbuyo kwa mawu awo kunkamveka malata akulira ngati ng'oma za pa dambwe. Timiyala tingapoto tinaswa galasi la thirakitala ndi kukhadzula masamba onse a mapapaya m'komboni. Pamene uthengawo unkafika pa timiyala, timiyalato tinali titafika kale pa denga langa.

Wachiwiri unali chimodzimodzi. Wachitatu unawonjezera za maliro a ku Shamva. Mphepo imene inanyamula denga la chigayo anaitchula kuti kamphepo kamwano.

Amene sanakulire m'mwambo wathu angafunse kuti bwanji sindinangowauza. Yankho ndi lakuti ine ndine mkamwini. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi amapatsana ulemu pothawana. Tikakumana panjira, iwo amapatukira kuudzu mbali iyi, ine mbali inayo, n'kupatsana moni titafulatirana, njira ili yokhayokha pakati pathu. Sitinadyerepo mbale imodzi. Ndikafika kwawo ndimakhala panja pa mpando, iwo amayankhira m'nyumba kudzera pa zenera. Kumuyamba mkamwini ndi nkhani musanamufunse za thupi lake ndi chipongwe. Kumuponyera nkhani yoipa yosaphimba ndi chipongwe choposa. Makolo athu anasiya zambiri powoloka malire, koma ichi anabwera nacho chathunthu, ndipo m'makomboni chinakula bwino kuposa fodya.

Chifukwa cha kuthawanako, pa zaka zonse za ukwati wanga ndinali ndisanamvepo apongozi anga akuyankhula ndi munthu wina ine ndili pafupi. Ndikangotulukira, mawu awo ankatsika. Ine ndinkawadziwa ngati mayi wofatsa, wozungulira poyankhula, woti sangatchule njoka kuti njoka.

Mvula ya chaka chimenecho itatha, mayi wa zanyengo uja anandiimbira. Amayankhula Chishona, koma Chichewa amachimva ndithu.

"Baba, gogo a pamtunda aja ndimawakonda," anatero. "Ku ofesi kuno tonse tikudziwa kuti mbuzi yawo inabereka. Anzanga amafunsa za bondo lanu."

"Likupeza bwino," ndinayankha.

"Koma baba, pamene ndikumva za matalala ndimakhala nditachedwa. Ndipo akati pang'ono, sindidziwa ngati ndi pang'ono pa anthu onse kapena pang'ono pa gogo. Malo amene ali ndi ofunika kuposa ena onse m'chigwa chanu. Tangowauzani ayambe ndi matalala."

"Ndi apongozi anga."

Anaseka. "Aa, ndinu mukwasha! Pepani baba, ndamva." Mukwasha ndi mkamwini m'Chishona. Kwawonso mwambowu ulipo, ngakhale sufika pothawirana kuudzu. Koma ntchito ndi ntchito. Anati tiyesere mvula yoyamba ya chaka chotsatira. Zikapanda kusintha, geji ndi udindo wa pamtunda zipite kwa mlonda wa pulazilo, amene ali ndi foni ndipo sadziwa kupereka moni.

Ndinauza mkazi wanga madzulo ake tikutongola chimanga. Anaseka mpaka chitsononkho chinagwa m'manja, koma nditatchula za mlonda anasiya kuseka.

"Akawalanda gejiyo abwerera ku nkhuku," anatero.

"Ndiye kawauze. Ndi amayi ako."

Anapita Loweruka, nabwerako ndi dengu la mbatata ndi yankho. "Akuti mwawaphunzitsa bwino kwambiri, ndipo lamulo lanu analisunga pamtima. Chagwa n'chiyani, chili pati, chikulowera kuti, n'chachikulu bwanji. Andinenera lonse osaphonya."

"Nanga bwanji salitsata?"

"Akuti, kodi ukufuna ndiziwauwa apongozi anga ngati galu? Anthu adzati mayi uja analeredwa kuti?"

"Za mlonda unawauza?"

"Ndinawauza. Anangoti chabwino, n'kupita kukapukuta gejiyo ndi mpango wawo wa kutchalitchi."

Ndinafunsa akuluakulu a m'komboni ngati pali njira. Anati ilipo. Mkamwini amene wakhalitsa pabanja angathe kupereka nkhuku kwa apongozi ake, pamaso pa mboni, kupempha kuti manyazi achepe, azitha kuyankhulana ngati mayi ndi mwana. Ndinagula thadzi lalikulu lamawangamawanga pa msika wa ku Mvurwi, ndinakwera nalo kombi, minibasi ya kuno, ndinalipereka mwa dongosolo lonse. Apongozi analandira ali m'nyumba. Anathokoza kudzera pa zenera. Mboni zinati zatheka.

Patapita milungu ingapo kunawomba kamvuluvulu wamphamvu pamtunda, ndipo uthenga unalowa m'gulu. Ndinautsegula ndi chiyembekezo. Moni anali yemwe uja, bondo, chifuwa, ana a ku Harare. Kenaka panabwera ndime yatsopano: kuthokoza nkhuku, kufotokoza mmene ikudyera, ndi kuti yayamba kuikira kuseri kwa mtondo. Kamvuluvulu anabwera pambuyo pa mazira. Nkhuku yanga inatalikitsa uthenga.

Nthawi yowokera fodya inayandikira. Amene sanalimepo fodya adziwe ichi: mbande zimakula pa nazale kwa miyezi, zikuthiriridwa ndi manja m'mawa ndi madzulo, ndipo zikafika msinkhu wowokera zimakhala zofewa ngati khutu la mwana. Matalala akathyola nsonga yake, mbandeyo yatha. Fodya wa m'munda sungamufundike, ndi wambiri. Koma nazale ungaifundike, ngati wina wakuuza nthawi ikadalipo. Ndipo mvula yoyamba, imene imabwera kutatentha kwambiri, ndi imene imakonda kubwera ndi miyala.

Tsiku limenelo kunatentha kuyambira m'mawa. Masana ndinapalasa njinga kupita ku kagolosale ka pa pulazi loyandikana nafe kukagula mchere ndi mabatire. Mwini kagolosaleko ndi mayi wachisilamu, wamkulu ngati apongozi anga, amene makolo ake anachokera ku Mangochi. Awiriwa anakhala pa benchi imodzi mu shedi yosankhira fodya kwa zaka zambiri. Ndinkadziwa kuti ndi mabwenzi, koma ndinali ndisanawaonepo ali limodzi, pa chifukwa chimene ndafotokoza kale. Kuseri kwa kagolosaleko, pafupi ndi damu, mayiyu ndi mkazi wa mwana wake anali ndi mabedi a mbande zokongola, zongodikira mvula.

Ndinamupeza akukanda ufa wa mandasi, manja onse ali mu beseni. Pakhonde amuna awiri ankasewera bawo. Kumwamba kunali koyera, kupatula kamdima kochepa kumpoto, kumene phiri limatitchinga. Foni yake inalira pa shelefu pakati pa sopo ndi machesi.

"Bambo, tandidinirani pamenepo, muike pokweza," anatero. "Manja angawa."

Ndinadina. Mawu amene anatuluka anali aakulu, akuthwa, othamanga.

"Iwe nkhalamba! Matalala! Ali pa mlatho wa msewu wa ku Guruve, akubwera kwa iwe, ngati mazira a nkhunda! Siya mandasi ako olimbawo, kafundike mbande! Thamanga, ngati miyendoyo ikadalipo!"

Foni inaduka.

Ndinaima ndi paketi ya mchere m'manja. Chagwa n'chiyani, chili pati, chikulowera kuti, n'chachikulu bwanji. Pa zaka zanga zonse ku nyuzipepala ndi atolankhani ochepa amene anandipatsapo chiyambi cha nkhani choyera chotero.

"Ameneyo ndani?" ndinafunsa.

"Simukuwadziwa apongozi anu?" anatero mayiyo, akupukuta manja pa chitenje, ali kale pakhomo. "Inu a bawo, dzukani! Tengani matenti ali kuseriko!"

Ndinalemba mawu omwewo m'gulu, kuchotsako nkhalamba ndi mandasi, n'kutumiza. Mayi wa zanyengo anayankha nthawi yomweyo kuti mtambowo akuuona pa makina, ndipo tsopano wadziwa chimene wanyamula. Chenjezo lake linalowa m'mafoni a mapulazi a kumunsi ine ndisanafike pa nazale.

Tinafundika ndi chilichonse. Matenti ofundikira mabelo a fodya, masaka, mphasa, maukonde akale a udzudzu, ngakhale chitseko cha khola. Tinkaika timitengo ndi njerwa pansi kuti zofundazo zisapsinje mbande. Mkazi wa mwana wake uja ankathamanga ndi mitolo ya udzu pamutu. Mmodzi wa amuna a bawo anavula jekete n'kufundika ngodya imene inatsala. Mwini mbande ankalamula ngati kapitawo, mpango wake uli pambali, ufa uli m'masaya. Mphepo yozizira inafika, fumbi linanyamuka, ndipo kumwamba kunasanduka mtundu wa chitsulo. Mwala woyamba unagunda pa chidebe tikumaliza bedi lomaliza.

Tinathawira pakhonde la kagolosale. Matalala anagwa ndithu, ndipo anali ngati mazira a nkhunda, osachepera, osapitirira. Ndinatola amodzi kuti nditsimikize. Bwalo linayera ngati pathiridwa ufa. Sitinkamvana chifukwa cha malata.

Phokoso litayamba kuchepa, ndinaona kuti m'gulu mwalowa uthenga wa mawu wochokera pamtunda. Unali utafika tili pakati pofundika. Mwini golosale anaona nkhope yanga.

"Tsegulani timve," anatero.

Ndinatsegula. Mawu anali otsika, ofewa, ngati a munthu wogwada.

"Odi, odi kumeneko. Apongozi, ndati ndikupezeni. Mwaswera bwanji, bambo? Nanga bondo lija?"

Amuna a bawo anagwa pansi ndi kuseka. Mayiyo anagwira chipilala cha khonde, misozi ikutsika, ikusiya tinjira mu ufa wa m'masaya. Uthenga unapitirira. Chifuwa, ana a ku Harare, nkhuku imene tsopano inali itakhalira mazira. Pamapeto pake panamveka kuti kunja kwachita ngati kwasintha pang'ono, ndipo mwina, kaya, kungagwe timiyala.

"Mayi, ndithandizeni," ndinatero. "Munthu ndi mmodzi yemweyu?"

"Mmodzi yemweyo. Ameneyo mu shedi ankatukwana ndi foromani yemwe. Pakamwa pake m'poopsa kuposa matalalawa."

"Nanga m'gulu amalekeranji kuyankhula choncho?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa ngati madzi ndi onyowa. "M'gulumo muli ndani?"

"Tonse. Mphunzitsi, woyendetsa thirakitala, mayi wa zanyengo."

"Ndi ndani winanso?"

Ndinadziloza pachifuwa.

"Eya," anatero. "Akadina kabatani kaja, saona mphunzitsi, saona mtsikana wa ku Harare. Amaona mkamwini wake atakhala pa mpando, watchera khutu. Mungamupatse nkhuku, mungamupatse ng'ombe. Inu mukadali m'menemo, moni ayamba."

Titachotsa zofunda tinapeza kuti mbande zapulumuka, kupatula za m'mphepete mwa bedi limodzi pamene mphepo inakankha tenti. Jekete lija linagwira ntchito yake. Madzulo mauthenga analowa ochokera kumunsi: ena anafundika nazale, ena analowetsa ng'ombe, aphunzitsi anasunga ana m'kalasi mpaka zitadutsa. Fodya wothirira amene anali kale m'minda anawonongeka m'malo ena. Pamenepo palibe uthenga umene ukanathandiza.

Kunyumba ndinafotokozera mkazi wanga zonse, mpaka mawu a nkhalamba ndi mandasi olimba. Sanadabwe ngakhale pang'ono.

"Amayi ndi otero kuyambira kale. Ife tinakula tikuthawa pakamwa pamenepo."

"Ndiye iwe unkadziwa kuti vuto ndi kukhalapo kwanga?"

"Ndinkadziwa."

"Osandiuza bwanji?"

"Ndikanayamba bwanji? Gulu limeneli mumadya nalo, mumagona nalo. Munagula ndi kachikwama ka foni. Ndinati mwina nkhuku ithandiza."

M'mawa mwake ndinaimbira mayi wa zanyengo. Iye anayamba ndi kundiyamika chifukwa cha uthenga wa dzulo, kuti unali wabwino kuposa onse amene analandirapo kuchokera m'chigwa chathu. Ndinamuuza mwini wake wa uthengawo, ndi njira imene unadzera. Ndinamuuzanso maganizo anga: geji ikhale pomwe ili, mlonda apitirize kulonda, achoke ndine.

"Baba, mukutsimikiza? Gulu munaliyambitsa ndinu."

"Ndatsimikiza. Koma tiyese kaye, muone nokha."

Udindo wa mkulu wa gulu tinaupereka kwa mayi wa golosale. Amakhala pamalo amodzi tsiku lonse, foni yake imakhala ndi moto chifukwa ali ndi sola, ndipo palibe amene amamuchitira manyazi. Ntchito yake yoyamba inali kundichotsa. Anachita pamaso panga, pa kauntala, ndi chala chopaka mafuta a mandasi.

"Mwatuluka, bambo," anatero. "Mugulanso china?"

Mkazi wanga ndiye analowa m'malo mwanga ngati woonera nyengo wa kumunsi, ndipo anapita yekha kukauza amayi ake kuti m'gulumo mulibenso mkamwini. Akuti anafunsa kawiri, kenaka anapempha kuti awaonetse mayina onse a m'gulumo, mmodzimmodzi, awawerengere.

Mvula yotsatira inabwera patangopita masiku ochepa. Ndinali pakhonde, mkazi wanga ali m'munda, foni yake ili pa tebulo. Inalira. Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kudina.

"Mphepo yamkuntho, yadutsa pa damu la pamtunda, ikutsika kumunsi, yagwetsa mtengo wa bulugamu! Matalala mulibe. Iwe wa mandasi, chotsa zovala zako pa chingwe, zikuchititsa manyazi chigwa chonse!"

Pansi pake mayi wa zanyengo anayankha kuti walandira, zikomo gogo. Za mlonda sanazitchulenso, ndipo nyengo imeneyo itatha anatumiza geji yatsopano pamtunda, chifukwa yakale inali itayamba kufufuma mizere ndi kupukutidwa.

Ine sindinauze munthu kuti ndimamvera. Koma mvulayo itadutsa, foni yanga inalira payokha. Anali apongozi, uthenga wa ine ndekha. Anafunsa za bondo, za chifuwa, za ana. Anati amva kuti ndapuma pa ntchito ya gulu, ndipo aona kuti si bwino munthu wamkulu ngati ine kumangomva za kumwamba kwa anthu apanjira. Choncho azindidziwitsa okha, mvula ikatha. Anamaliza ndi kunena kuti kunawomba kamphepo, koma ndisadandaule. Kuyambira pamenepo ndimalandira mauthenga awiri pa mvula iliyonse: wachangu umene ndimaba pa foni ya mkazi wanga, ndi waulemu umene ndi wangawanga.

Chaka chino kwatentha msanga. Mbande zili pa msinkhu m'manazale onse a m'chigwa, ndipo mayi wa golosale waunjika kale matenti ndi masaka pafupi ndi mabedi ake. A zanyengo akuti mvula yoyamba ikuyembekezeka m'masabata akubwerawa, ndipo mwina iyamba ndi mabingu ndi matalala m'madera a kumpoto. Mkazi wanga wabwera kuchokera pamtunda dzulo. Akuti kachipewa kachotsedwa pa geji, minga yatsopano yaikidwa, ndipo mpando wa apongozi watulutsidwa pakhonde, wayang'ana ku Guruve. Akutinso thadzi lija laswanso anapiye, choncho uthenga wanga wa mvula yoyamba ukhala wautali.